Nkhuku za Chidindo

Chimene chinamulanda tulo Lestina ndi atambala. Pakhomo pa makolo ake, a Samsoni ndi a Martha, panali tambala mmodzi chikhalire: wofiira, wokalamba, wa mawu osasa ngati munthu wa chimfine. Lestina ankawadziwa mawu akewo monga ankadziwira kulira kwa mwana wake Mtisunge. Koma mwezi umenewo wofiira uja akangoti ayambe nyimbo, ena anayi ankamulanda pakamwa. Pamwamba pa atambalawo panalinso mathadzi achilendo asanu ndi awiri. Palibe thadzi limene linaswa anapiye chaka chimenecho, poti chitopa chinali chitadutsa. Palibe amene anapita kumsika kukagula. Nanga nkhuku zimamera ngati bowa?

Pakhomopo panali pamtendere. Nyumba zawo zinali m'mphepete mwa munda wa tiyi, pamene mizere yobiriwira imathera n'kuyamba nthochi. A Samsoni ndi akazi awo anaoloka mtsinje wa Ruo kuchokera kwa Apwitikizi zaka khumi ndi zisanu zapitazo, Lestina akuyenda pansi, mlongo wake Sitefano ali kumsana. Chiyambire pamenepo a Samsoni ankatchola tiyi, ndipo kumpingo anali mkulu. Madzulo aliwonse banja linkaimba nyimbo imodzi lisanabalalike. A Martha ankakweza pamwamba, a Peterson, amuna ake a Lestina, ankasochera pakati koma molimba mtima, ndipo Sitefano ankagwira pansi ndi mawu ake ngati ng'oma yaikulu. Anthu odutsa m'njira ankaima kuti amvere.

M'chaka cha 1928, tiyi ali pamtengo wabwino, banki ina ya ku Limbe inatsegula kanthambi kake pamsewu wa kuboma, moyang'anizana ndi masitolo a Amwenye. Kanali kanyumba kanjerwa ka chipinda chimodzi, denga lamalata, zenera lazitsulo. Tsiku limene sefa inabwera palole, anthu anasiya msika. Bokosi lachitsulolo linali lalifupi ngati mwana wa zaka zisanu, koma amuna khumi ndi awiri analitsitsa akuimba, thukuta lili kamukamu, amayi akuwaseka kuti agonja ndi kabokosi.

Mwini ntchito anali mzungu wachinyamata, wowonda, wokonda kutafuna mtedza tsiku lonse, moti sabata isanathe anali atakhala kale Bwana Kamtedza. Iyeyo anatulutsa makalata atatu nafunsa ngati panali munthu wotha kuwerenga mayina a pamwamba pake. Sitefano, amene anafika Sitandade 3 kusukulu ya mishoni, anawerenga onse atatu osapunthwa. Anamulemba ntchito ya umesenjala pomwepo.

Anabwera kumudzi Loweruka ali pa njinga ya banki, atavala khaki wa mabatani onyezimira. A Martha analuluta mpaka mbuzi za anansi zinadula zingwe.

"Tatsikani tikuoneni, bwana!" anakuwa a Peterson. "Kapena bwana satsika pafumbi?"

"Alamu, bwana akudikira mumuyalire mphasa!"

Anaseka onse. Sitefano anamukweza Mtisunge pachishalo, n'kumuzungulitsa pabwalo katatu, belu likulira. Phokoso litachepa, a Samsoni anatambasula manja awo, zala zothimbirira ndi utomoni wa tiyi.

"Sitefano, taona. Manja awa atchola tiyi wodzaza nyumba khumi, koma tsamba limodzi silinalowepo m'thumba mwanga. Chimene akupatsa kuti ugwire si chako. Ugwire, umalize, ubwezere pamalo pake."

"Ndamva, bambo."

Ndipo miyezi yambiri anamvadi. Ankasesa, ankapukuta zenera, ankatumikira makalata m'maesiteti. Kabankiko kanali ka azungu olima tiyi ndi Amwenye a masitolo. Anthu wamba ankangosuzumira pakhomo. Lachisanu pankadzaza magalimoto odzatenga malipiro a antchito, koma masiku enawo kunali zii, Bwana Kamtedza akusinza pampando makoko a mtedza ali pachifuwa. Chifukwa cha ulesi womwewo, anamusiyira Sitefano ntchito yodinda makalata. Chidindocho chinali chozungulira, cha chogwirira chamtengo, inki yake yofiirira ngati maluwa a mbatata. M'mphepete mwake munali pobenthuka pang'ono, ngati dzino la mwana wogwa pamwala.

Tsiku lina Lestina anadutsa pabankipo akuchokera kumsika. Bwana anali m'tulo. Sitefano anatenga dzanja la Mtisunge, nalitambasula.

"Phaa! Basi, iwe ndi katundu wa banki. Tikuika m'sefa."

Mwanayo anaseka mpaka kutsamwa, nathamangira kukaonetsa ana anzake. Posakhalitsa ana khumi anali pamzere pakhonde, manja ali m'mwamba. Msewu wonse unaseka. Ndiye panadutsa mayi wina wachilendo, mtolo pamutu, wongooloka kumene. Anagwira dzanja la mwana mmodzi mwamantha, nafunsa m'Chilomwe ngati ana akuno amalembedwa ndi boma pakhungu, ndiponso ngati mwana wopanda chizindikirocho amalandidwa.

Anthu anamuseka namulimbitsa mtima. Mmodzi yekha sanaseke. Anali Blackson, telala wa pakhonde la Mmwenye tsidya la msewu, munthu wa lilime lotsekemera ngati nzimbe yakupsa. Anaimitsa makina ake n'kumangoyang'ana.

Mawa lake anamukodola Sitefano.

"Achimwene a banki! Bwana wamng'ono! Inu mwakhalira nkhokwe koma mukugona ndi njala."

"Ndalama za banki sindingazikhudze, a Blackson."

"Ndani wanena za ndalama? Ndalama zili ndi mwini wake, amaziwerenga. Nanga inki amaiwerenga? Chidindo chikadinda kamodzi chimachepa?"

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Abale athu akuoloka Ruo tsiku ndi tsiku. Akamva kuti asilikali a msonkho ali m'njira, amagona kutchire ngati nguluwe. Kuwerenga sadziwa. Chimene amadziwa n'chakuti pepala la boma limakhala ndi chozungulira. Pepala langa, cholembera changa, inu dzanja lokha: phaa! Munthu akagona tulo tabwino. Kodi kumpingo kwanu chimenecho sachitcha chifundo?"

"Si chiphaso cha msonkho chimenecho. Ndi bodza."

"Bodza lake liti? Inu simuyankhula kanthu. Chidindo ndicho chiyankhule."

Sitefano anakana tsiku loyamba. Anakana lachiwiri, koma mochedwa. Lachitatu Blackson anamuitanira kuseri kwa sitolo, kumene kunali botolo la kachasu pansi pa nsanza, nati alaweko chabe pothamangitsa mphepo ya Chiperoni. Lachinayi, bwana ali m'tulo, anadinda mapepala asanu opanda kanthu.

Alendo ooloka analibe ndalama. Chuma chawo chinali nkhuku, yonyamula m'khwapa ulendo wonse kuti ikayambitse khola kumalo atsopano. Choncho mtengo wa pepala unali nkhuku ziwiri: imodzi ya Blackson, imodzi ya Sitefano. Ogulawo Sitefano sankawaona nkhope. Iye ankangoona nkhuku, yomangidwa miyendo, ikumudikira kuseri kwa sitolo.

"Ndi mphatso," anawauza amayi ake atabwera ndi yoyamba. "Azungu a m'maesiteti amandithokoza ndikawapititsira makalata."

A Martha anasangalala, poti m'khola munali mutatsala tambala wofiira yekha. Koma itafika yachisanu, anaiyang'anitsitsa.

"Kodi azungu a masiku ano akuweta nkhuku zachikuda, zomanga nsanza kumwendo?"

"Ndi za makuku awo, owaphikira aja, amayi."

Madzulo ena anachedwa. Ena sanabwere mpaka nyimbo itatha. Nyimbo ija inatsala yopanda pansi, ngati nyumba yopanda nsanamira, a Peterson akusochera popanda wowabweza. Atabwera, a Samsoni anamva fungo asanaone munthu.

"Mwana wanga, pakamwa pamene pamaimbira Mulungu panunkha chiyani?"

"Ndi mankhwala a chifuwa, bambo."

"Chifuwa chimenecho chikadzakula chidzakutsokomoletsa pamaso pa anthu. Amene akukupatsa mankhwalawo tsiku limenelo sadzakhalapo."

Apa m'pamene atambala anayamba kumulanda tulo Lestina. Sukulu anaisiya ali Sitandade 1, koma maso anali nawo. Anaona kuti nkhuku zija sizidziwana, zimajomphana ngati zochokera m'midzi yosiyana. Anaona kuti mlongo wake akamaziwazira madeya saziyang'ana. M'mawa wina anamupeza akupukuta mabatani ake ndi phulusa ndi ndimu.

"Achimwene, ndakhala ndikuganiza. Mzungu akafuna kuthokoza munthu amapereka kandalama ka tiki kapena malaya akutha. Nkhukuzi eni ake ndani?"

"Achemwali, inu mumadziwa za banki?"

"Za banki sindizidziwa. Za nkhuku ndimazidziwa. Yakudayo ili ndi mkanda kumwendo, womanga mayi amene ankaikonda. Munthu sapereka nkhuku yotere akuseka."

"Mukadyako mazira simufunsa."

"Kuyambira lero sindidyanso, ngakhale Mtisunge. Iwe ndiwe malume wake wa mwanayu, Sitefano. Akadzakula ndidzamutuma kwa iwe kuti umulangize. Udzamuuza chiyani?"

Sitefano analiza belu la njinga kuti aphimbe mawuwo, napalasa osacheuka.

Sabata yomweyo panamveka mbiri kumsika. Asilikali a msonkho anagwira amuna awiri pamsewu wa ku Goliati. Amunawo sanathawe monga anzawo. Anaima chilili, natulutsa mapepala awo monyadira. Anawamenya, nawamanga pa mlandu wonyenga boma. Mkazi wa mmodzi anakhala pansi pa mtengo wa kumsika akulira kuti anapereka nkhuku zake zonse. Atafunsidwa amene anawagulitsa, amunawo anangoti ndi munthu wina pamsewu, poti Blackson ankagulitsira kutali ndi khonde lake, atavala chipewa.

Sitefano anathamangira kwa telala.

"Basi, ine ndasiya. Anthu amangidwa!"

"Amangidwa ndi asilikali, osati ndi inu. Imwani kaye, mtima ukhale pansi."

Lachisanu lake Bwana Kamtedza anawerenga kalata yochokera ku Limbe, napukusa mutu. Mtengo wa tiyi unali utagwa. Msewu wa ku Limbe anali ataukonza, ndipo azungu a magalimoto ankangopita okha kubanki yaikulu. Kanthambi kaja, katakhala chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri, kanali kutsekedwa. Lole yodzatenga sefa inali kubwera Lolemba.

"Koma iwe usadandaule," anatero bwanayo m'Chinyanja chake chopindika. "Iwe munthu wabwino. Ine ndalemba kalata. Iwe upita ndi ine ku Limbe."

Blackson atamva, maso ake anawala.

"Ku Limbe mukakhala wosesa pakati pa osesa khumi, chidindo simukachionanso. Pano akulongedza katundu, piringupiringu, ndani awerenge kamtengo kamodzi? Chiikeni m'thumba. Lolemba m'mamawa mundipeze pamphambano, tilowere ku Mulanje. Kumeneko anthu akuoloka ngati linthumbu. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi njinga yanuyanu."

Tsiku lomwelo anamupatsa nkhuku ina, thadzi la kameta, lopanda nthenga m'khosi, lonenepa bwino. Loweruka masana, akuthandiza kulongedza, Sitefano anakulunga chidindo m'kansalu nachilowetsa m'thumba la kabudula.

Lamulungu linacha bwino, phiri likuoneka lonse. Mapemphero atatha, pakhomo pa tchalitchi panaima bambo wina wa imvi, wafumbi mpaka m'mawondo, khasu paphewa. Ankafunsa aliyense ngati akudziwa mayi wina dzina lake Martha, wa chipsera pachibwano. A Martha anatuluka akucheza ndi anzawo. Anaima. Buku la nyimbo linagwa pansi.

"Achimwene! A Fabiano!"

"Mlongo wanga! Chipsera chija ndinakupweteka ine chikadalipo?"

Anagwirana, analira, anaseka, analiranso. Zaka khumi ndi zisanu! Amayi a mumpingo analuluta, ndipo gulu lonse linawaperekeza mpaka kunyumba likuimba. A Fabiano anali mlongo wawo wa a Martha, amene anatsala tsidya lija. Akazi awo anali atamwalira, ana atabalalika, ndiye anati akafere pafupi ndi mlongo wawo. Anali atazungulira maesiteti masiku awiri akufunsa.

Anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala. Anawapatsa madzi. A Samsoni ankangoti, "Alamu! Alamu!" akuwagwira bondo ngati akuopa kuti athawa. Mtisunge anawakwera pamiyendo n'kumakoka ndevu zawo.

"Sitefano!" anaitana a Martha. "Amalume ako adye nandolo ngati tili pamaliro? Gwira nkhuku! Gwira kameta uja, ndi wonenepa, komanso wavuta kujompha anzake."

Unali mpikisano wosaiwalika. Kameta analowa pansi pa nkhokwe, natulukira m'nthochi, nadutsa pakati pa miyendo ya a Peterson amene anagwa chagada m'madeya. "Bwana wa banki wagonja ndi nkhuku yadazi!" anakuwa ali pansi pomwepo. Pomaliza Sitefano anaigwira, akupuma wefuwefu, akuseka monga ankasekera kale.

Mwambo wake ndi wakuti nkhuku ya mlendo saipha mlendo asanaione. Sitefano anagwada pamaso pa amalume ake, naipereka ndi manja awiri.

"Amalume, ndiwo zanu ndi izi."

A Fabiano anailandira. Anaitembenuza. Anayang'ana kumwendo kwake, kumene kunali kansanza kofiira. Kenaka anaphulika kuseka.

"Iwe! Wanditsogolera? Ine ndikuvutika kufunsa njira, iwe wafika kale, ukudya madeya a mlongo wanga!"

"Mukuidziwa, alamu?" anafunsa a Samsoni.

"Ndiileke kuidziwa? Kansanzaka anamanga ndi malemu akazi anga, ndi ka nsalu yawo. Ndainyamula m'khwapa kuchokera kwathu, iyi ndi inzake. Dzana ndinakumana ndi munthu wachifundo pamsewu, wa chipewa. Anati kuno munthu wopanda chiphaso cha msonkho amamangidwa, ndiye anandithandiza. Ndinapereka zonse ziwiri. Koma boma lakuno ndi labwino, alamu! Likulipiritsa nkhuku, kenaka liitumiza kwa mlongo wako!"

Anaseka okha. Anapisa m'chiuno, natulutsa kansungwi kamphako, nasolola pepala lopindidwa bwino, nalitambasula kuti onse aone.

"Ndi ili. Tsopano ndikhoza kuyenda pamsewu ngati munthu."

Lestina anasendera pafupi. Zolembedwazo sakanatha kuziwerenga zonse. Koma pansi pake panali chozungulira chofiirira, ndipo m'mphepete mwake munali pobenthuka, ngati dzino la mwana wogwa pamwala. Anali atachiona kale chimenecho, padzanja la mwana wake. Anatembenukira kwa mlongo wake, amene anali chigwadire. Thukuta la kuthamanga linali litanyowetsa kabudula wa khaki, ndipo pathumba panali patatuluka banga lofiirira.

"Sitefano," anatero motsitsa mawu, "tulutsa chimene chili m'thumbamo."

"Achemwali..."

"Tulutsa wekha. Usadikire kuti ndipisemo ine pamaso pa amalume."

Anatulutsa. Kansalu kanamasuka, chidindo chinagubuduka pamphasa n'kukaima pafupi ndi pepala lija. Ngakhale a Fabiano, amene sanaponde m'kalasi, anayang'ana uku, nayang'ana uku, namvetsa.

Nkhuku yokha ndiyo inkadandaula.

"Mwana wa mlongo wanga," anafunsa a Fabiano pang'onopang'ono, "ndikanakumana ndi asilikali, n'kuwaonetsa pepalali, akanandichita chiyani?"

"Akanakumenyani, amalume. Akanakumangani."

"Ndipo ine ndikanaima osathawa, poti ndinali ndi chiphaso."

"Sindinadziwe kuti ndinu!" Sitefano analira, nkhope ili pansi. "Sindinkawaona nkhope!"

"Awiri ali kundende aja si amalume a munthu?" anatero a Samsoni. Sanakweze mawu. "Unkati ukuba inki. Taona chimene unaba: nkhuku ya mkazi wakufa, ndi miyendo ya anthu imene akanathawira. Ife tinaoloka mtsinje womwewo, iwe uli kumsana, amayi ako atapanira nkhuku imodzi m'khwapa. Tikanakumana ndi munthu ngati iwe, bwenzi pakhomo pano palibe."

A Martha anadziphimba kumaso ndi nsalu. Sitefano anaulula zonse: za Blackson, za kachasu, za pamphambano m'mamawa.

"Sindikumanga chingwe," anatero bambo ake. "Ndiwe wamkulu. Msewu wa ku Mulanje uli apo, wa kubanki uli apo. Koma ukapita ku Mulanje, nyimbo ya pakhomo pano tidzazolowera kuimba opanda iwe."

A Fabiano anakhala nthawi akusisita khosi la nkhuku yawo. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Mlongo wanga, phika nandolo uja. Uyu saphedwa lero. Wayenda ulendo wautali kudzagwira wakuba, ndiye timulipire ndi mpeni?"

Ngakhale a Martha anaseka m'misozi. Anadya nandolo ndi chinangwa, ndipo a Fabiano anasuntha mbale kuti Sitefano apisemo nawo.

M'mawa mwake Lestina anadzuka kusanayere bwino. Anatenga luzi, nalowa m'khola, namanga miyendo nkhuku zonse zachilendo, khumi ndi imodzi, kusiya kameta ndi tambala wofiira. Anazipachika pa njinga ya banki, zina kutsogolo, zina kumbuyo, mpaka njingayo inaoneka ngati yamera nthenga. Anabereka Mtisunge. Kenaka anagogoda pakhomo pa mlongo wake.

Sitefano anatuluka atavala khaki wake, maso ali otupa. Lestina anamuika chidindo m'dzanja.

"Ichi unyamule wekha. Ine ndikupita kubanki, kuchoka apo kuboma, kukanena kuti nkhukuzi zili ndi eni ake. Njinga sinditha kukankha ndi mwana kumsana."

Anatsogola osayang'ana m'mbuyo. Anatsika m'kanjira ka pakati pa tiyi, mame akumunyowetsa nsalu, makutu ali kumbuyo. Anamva unyolo wa njinga ukulira, ndi nkhuku zikudandaula.

Pamphambano Blackson anali atakhala pa mtolo wake, chipewa chili pamutu. Ataona njinga ija anaimirira.

"Achimwene a banki! Mwatenga ndi kamba yemwe wa paulendo? Nzeru zimenezo! Msewu ndi uno."

"A Blackson," anatero Lestina osaima, "telala amasoka zong'ambika. Inu mumang'amba zosokedwa."

Anakhotera kumanja, kubanki. Kumbuyo kwake unyolo unasiya kulira. Lestina anapitirira kuyenda. Anamva Blackson akunyengerera: "Mukadzipereka nokha? Akakumangani! Ganizani za njinga yanuyanu!"

"Ndaganiza," anayankha Sitefano, ndi mawu aja apansi amene anasowa pakhomo miyezi itatu. "Nkhuku ija munandipatsa Lachisanu inali ya amalume anga. Pitani nokha."

Unyolo unayambanso kulira, ukubwera kumanja.

Zimene zinatsatira anthu a kumeneko amazidziwa. Bwana Kamtedza analandira chidindo chake, natulutsa kalata ija yomupezera Sitefano ntchito ku Limbe, naing'amba pamaso pa Sitefano. Lole inanyamula sefa masana omwewo, ndipo kanyumba kaja kanasanduka mosungira mchere ndi nsomba zouma. Pansi pake mpaka kalekale pankaoneka pamene bokosi lachitsulo linakhala. Kuboma Sitefano anaulula, amuna awiri aja anamasulidwa, ndipo iye analowa m'malo mwawo miyezi inayi, akutchetcha udzu dzuwa lili pamutu. Nkhuku zisanu ndi zitatu zinapeza eni ake. Zitatu eni ake sanapezeke, ndipo zimenezo zinamupweteka moyo wake wonse. Blackson anagwidwa chaka chotsatira ku Mulanje ali ndi chidindo chosema pachidendene cha nsapato. Sitefano sanavalenso mabatani onyezimira. Anatchola tiyi pambali pa bambo ake, dengu kumsana, ndipo madzulo nyimbo inapezanso nsanamira yake.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwapatsidwa chinthu cha eni kuti mugwire, kaya ndi kiyi, kaya ndi sikelo, kaya ndi chidindo, imvani. Wokunyengani sadzakuuzani kuti mube. Adzati n'kanthu kochepa, palibe amene akuwerenga. Ndipo amene mukumubera osamuona nkhope ali ndi nkhope, tsiku lina adzakhala pamphasa ya kwanu. Sitefano anabwerera ali pamphambano. Ambiri amadutsa.

Koma m'mawa umenewo Lestina sankadziwa chilichonse cha zimenezi. Ankangomva njinga ikumutsatira. Dzuwa linatuluka pamwamba pa tiyi, Mtisunge anadzuka kumsana n'kuyamba kuitana amalume ake kuti alize belu. Ndipo kuchokera kumtunda, kumudzi kwawo, kunamveka tambala akulira: mmodzi yekha, wokalamba, wa mawu osasa, akumaliza nyimbo yake yonse popanda womulanda. Lestina anaseka, anamangitsa nsalu yake pachifuwa, nafulumiza mwendo.